Lachiwiri ku Biwi, kusintha ma bush a Sienta

Lero sindinanyamule munthu, tsiku lonse ndathera ku magalaja a ku Biwi, mu Lilongwe. Sienta yanga yakhala ikulira "gu! gu!" kutsogolo chakumanzere ndikangokwera bampu, ndipo ndikaponda buleki mwamphamvu chiwongolero chimakokera mbali imodzi. Dzulo potsuka galimoto ndinaona kuti tayala lakumanzere ladyeka m'mphepete mwa mkati, kunja kudakali mano. Mtima unakana kudikiranso.

Madala amene amandikonzera galimoto sanachulutse mafunso. Anaikweza pa jeke, n'kuika ma stand, tayala lomwe anagulula n'kuligoneka kunsi kwa galimoto kuti zinthu zitaterereka munthu asaphwanyike. Kenako analowetsa chitsulo pakati pa control arm ndi pomwe imamangidwa, n'kukankha. "Tabwera mwana wanga, uone ndi maso ako." Bush yakumbuyo, yaikulu ija, labala wake anali atauma n'kuchita ming'alu ngati chidendene cha m'chilimwe, mbali ina atalekana ndi chitsulo. Arm yonse inkangosewera.

Control arm ndi imene imagwira tayala chakunsi. Kumapeto kwina kuli ball joint, cholumikizira chimene chimalola tayala kukhota, kwinako kuli ma bush awiri, omwe ndi timachubu tachitsulo tokhala ndi labala, ndipo labala wa ma bush amenewa ndi amene amameza kugwedezeka kwa msewu kwinaku akusunga tayala pamalo pake. Sienta yoyamba inatuluka ku Japan mu 2003, ndipo zambiri zimene tikuyendetsa kuno zinalowera pa Songwe kuchokera ku Dar es Salaam zitayenda kale zaka. Labala amafika atakalamba, kenako akumane ndi dzuwa lathu, fumbi ndi maenje a m'misewu.

Bawuti yakutsogolo inakana, dzimbiri linali litaigwira. Anaithira mafuta ofewetsera, tinadikira, ndipo inamasuka ataika paipi yaitali pa sipanala. Ndinanyamula arm ija kupita nayo ku Malangalanga, kumene amagulitsa zipangizo za galimoto, kuti ndikayerekeze ndi maso, poti ma bush ambiri amafanana koma kukula kwake n'kosiyana pang'ono. Ogulitsa ena ankandikopa kuti ndingogula arm yathunthu yochotsedwa pa galimoto ina. Madala anali atandiuza kale kuti ball joint ikadali bwino, ndiponso labala wa pa arm yakale ndi wakale basi. Ndinagula ma bush atsopano a mbali zonse ziwiri. Yakumanja nayo inali itayamba ming'alu.

Pochotsa bush yakale ambiri amaiotcha ndi moto, labala akapsa n'kudula chitsulo chotsalacho ndi sowo. Madala sachita zimenezo. Akuti moto umafooketsa arm, ndipo ine ndikugwirizana nawo, chifukwa chitsulo chimenechi chimanyamula moyo wa anthu amene ndimawakweza. Anatenga choko n'kulemba pa arm kumene mipata ya mu labala wa bush yaikuluyo inaloza, kuti yatsopano ikalowe moyang'ana komweko. Mipata imeneyo si yokongoletsa ayi, imachititsa kuti bush ifewe mbali imodzi, ilimbe mbali inayo. Kenako anaika arm pa press, makina okankha chitsulo mwamphamvu. Bush inayamba yakana, kenako inaphulika "pha!" n'kutsika pang'onopang'ono. Anapala dzimbiri m'bowo ndi sandipepa, yatsopano n'kulowa mowongoka. Girisi sanalole kuti akhudze labala, poti mafuta otere amamudya.

Chimene chandigwira mtima kwambiri chinachitika pomanga. Mnyamata wophunzira ntchito anabwezera arm, n'kutenga sipanala kuti alimbitse mabawuti galimoto ili m'mwamba. Madala anamugwira dzanja. "Iyayi, ingogwiritsa kaye. Tilimbitsa ikaponda pansi." Anamufotokozera mofatsa kuti galimoto ikakhala pa ma stand arm imalendewera. Ukalimbitsa pamenepo, ndiye kuti ukaitsitsa labala amapotoka n'kukhala chopotokera chomwecho usana ndi usiku, ngakhale galimoto itangoima. Makamaka bush yakutsogolo, imene bawuti yake imagona chopingasa. Bush yatsopano imang'ambika msanga, mwini galimoto n'kumanyoza wogulitsa kuti anamupatsa yachinyengo, chonsecho vuto linali pomanga.

Tinabwezera matayala, tinaitsitsa, tinaikankhira pa dzenje. Madala anaigwedeza kutsogolo kuti ikhazikike, n'kutsikira m'dzenjemo ndi tochi kukamwa. Mabawuti anawalimbitsa okha, sanapatse mnyamata uja, koma anamuuza kuti atsike nawo aone.

Poyesa tinadzera msewu wafumbi wa kuseri kwa magalaja, uja wa mabampu okhaokha. Phokoso lija latheratu, buleki ikugwira galimoto ili chilunjikire. Chiwongolero chokha chapendekera pang'ono kumanja, ndipo madala anena kuti ndisanyamule munthu ndisanapite ku alignment, kokawongola kaimidwe ka matayala, apo ayi tayala lina lidyekanso. Mawa m'mawa ndiyambira kumeneko, kenako ndikafunefune tayala lolowa m'malo mwa lodyeka lija.