Dimba la anthu a lendi ku Kamuzu Road

Maphunziro a ulimi wa ndiwo zamasamba omwe alangizi akutipatsa kuno ku Salima akhazikika pa nthaka ndi madzi. Nthaka yathu ndi yamchenga, ndipo mu Okutobala ukathirira m'mawa, pofika masana pauma kale. N'chifukwa chake taphunzira kukumba mabedi olowa pansi kuti madzi asathawe, kuwaphimbira ndi udzu wouma, komanso kupanga manyowa a Mbeya: ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono, kuwaza madzi, kumanga m'thumba la pulasitiki n'kudikira masiku 21. Nsabwe zikagwa pamasamba timasinja masamba a nimu, omwe kuno savuta kupeza, kuwaviika usiku wonse n'kupopera.

Koma phunziro lomwe landigwira mtima ndi la kasankhidwe ka mbewu. Ambirife kuseri kwa Kamuzu Road ndife a lendi. Wa lendi sabzala mango, pakuti sadziwa ngati chaka chamawa adzakhala ali pomwepo. Tikanayamba ndi mitengo ya zipatso, dimba likanakhala la eni nyumba okhaokha. Tinasankha mpiru, chainizi, lepu ndi bonongwe, mbewu zoti ukawokera, patangotha mwezi wayamba kuthyola. Ngakhale mphunzitsi yemwe akuyembekezera kusamutsidwa analowa nawo, podziwa kuti thukuta lake alidyera.

Masamba amenewa safuna kudumphitsa tsiku, ndiye tinagawana masiku othirira. Ine ndikuona kuti mgwirizano wathu wagona pamenepa, osati pamisonkhano. Ukagwa maliro kumudzi, kapena ukufuna kulawirira ku Senga Bay kukapikula usipa, sungangonyamuka. Uyenera kugogoda pakhomo la mnzako: "Mayi a Chisomo, mawa mundigwirireko keni, Lachinayi ndidzakubwezerani." Anthu omwe tinkangopatsana moni wa pamsewu tsopano tikudziwana mpaka mayina a ana. Anzathu achisilamu amatenga m'mawa wa Lamlungu ife tili kutchalitchi, ndipo tagwirizana kuti m'mwezi wa Ramadan kuthirira kwa madzulo kudzakhala kwathu, chifukwa kusenza madzi pa kutentha kuno uli wosadya si zamasewera.

Mbuzi zinatsala pang'ono kutidanitsa. M'chilimwe zimangotayiriridwa, ndipo tsiku lina zinamaliza bedi lonse la chainizi. Ena ankafuna mwini wake alipe. Mayi wina wachikulire anati koma timuitane m'gulu, popeza manyowa tinkachita kukapempha kutali pomwe khola lake lili pafupi. Lero bambowo ndi amene amatipatsa ndowe, ndipo mpanda wa bango tinamanga nawo limodzi.

Pomwe sitinamvanebe ndi pa zokolola zotsala tikagawana. Amayi ena akufuna tizigulitsa pamsika ndalama zizilowa ku banki m'khonde. Ine ndili mbali ya omwe akuti tiyambe tapatsa agogo ndi odwala a m'dera lathu lino, omwe sangathe kunyamula keni. Tikambirananso Loweruka tikamaliza kuwokera anyezi.