Mpira wachiwiri

Loweruka usiku. Ndasamba, ndadya, nsapato zamatope ndazisiya pakhonde, koma mawu a madala amene amandinyamulira chikwama ku gofu akungolira m'khutu ngati udzudzu wolowa mu neti.

Zinayamba Lachinayi. Nditaweruka ndinadzera ku range, malo oyeserera kumenya mipira, ndinagula mipira 100, ndipo tsiku limenelo ndodo ya 7-iron inkandimvera ngati mwana wanga. Mpira uliwonse unkakagwera pafupi ndi chikwangwani cha mtunda wa 150. Ndinajambula kavidiyo n'kukaponya pa gulu lathu la WhatsApp, ndi mawu oti Loweruka aliyense abwere ndi ndalama ya zakumwa zanga. Pakamwa panga ine.

Lero m'mawa pa tee yoyamba, pomenyera mpira woyambira masewero, anthu ali pakhonde la kalabu ndi makapu a tiyi, ndatulutsa driver, ndodo yomenyera patali. Mpira wanyamuka bwinobwino, kenako wayamba kukhota kumanja, kukhota, mpaka kuseri kwa zikhomo zoyera. Kunja kwa bwalo. Lamulo lake nonse mukulidziwa: chilango chimodzi, n'kumenyanso pomwepo, ndiye kuti ukumenya kachitatu usanasunthe phazi. Ndaika wina mokwiya, osaganiza n'komwe, ndipo wapita mowongoka pakati penipeni pa fairway, njira ya udzu wometa yopita ku dzenje.

Madala alandira ndodo, aipukuta, n'kunena chapansipansi kuti, "Ameneyo ndiye wa ku range uja, bwana. Womenya mpira wachiwiriyu timamudziwa, ndi katswiri. Koma pa khadi timalemba za woyamba."

Ndaseka nawo. Mumtima zandilasa.

Za maenje otsatirawo sindikufuna kulemba zambiri. Mvula ya February yafewetsa nthaka, udzu wa m'mbali wafika m'mawondo, ndipo mphindi 3 zimene malamulo amalola kufunafuna mpira kuyambira 2019 zimatha usanapeze ndi poyambira. Mipira iwiri yatsala m'tchire mmenemo. Pa dzenje la 6 ndatenga 7-iron yomwe ija, mtunda womwe uja, ndipo ndodo yalowa m'dothi kumbuyo kwa mpira. Chibuma chauluka kutali kuposa mpirawo. Mnzanga wina wafunsa ngati ndabwera kudzabandira chimanga.

Pa dzenje la 11, kapena linali la 12, tinaima pansi pa mtengo kudikira gulu la kutsogolo. Ine ndiye ndinayambitsa, ndivomere. Ndinati, "Madala, ndodo yomweyi dzana inkachita zodabwitsa. Chasintha n'chiyani?"

Sanayankhe msanga. Anayamba ndi mafunso ngati wapolisi.

Mipira ingati? 100. Nthawi yaitali bwanji? Mphindi 40 mwina. Ndodo zingati? Zitatu. Munkalozera pati?

"Kutsogolo," ndinatero.

"Kutsogolo n'kwakukulu, bwana."

Ndiye anamasuka. Akuti kapeti imene timamenyerapo ku range ndi yabodza: ndodo ikagunda kumbuyo kwa mpira imangotsetsereka pamwamba pake n'kukaupezabe mpirawo, iwe n'kumaona ngati wamenya bwino. Dothi lonyowa silikhululuka choncho, limameza ndodo. Akuti kapeti ndi yosalala nthawi zonse, pomwe kuno mpira umapezeka pamtunda kuposa mapazi ako, ndipo kwa ife omenyera kumanja umakokera kumanzere, kapena uli kumunsi kwa mapazi n'kuthawira kumanja. Akuti range ndi yotakata ngati munda wa estate, mpira wopatuka mamita 30 umagwerabe pa udzu ndipo palibe amene amaulemba, koma kuno mamita 30 omwewo ndi m'madzi.

"Ndipo muwerenge," anatero. "Lero driver muigwira ka 14 basi, pa maola anayi. Pakati pake muyenda, mucheza, mukwiya, thupi lizizira. Kuno ndodo imodzi simuimenya kawiri motsatizana pokhapokha mwalakwitsa. Uko mumamenya ka 30 ndi ndodo imodzi, dzanja limazolowera, ndiye wa nambala 20 akapita bwino mumati ndadziwa."

Anagwedeza chikwama paphewa. "Muno muli ndodo 14. Zina ndimangozinyamulira ulemu."

Apa ndiye ndinatentha. Sindinawayankhe mwamwano, ndi munthu wamkulu, anayamba kuyenda pa bwaloli ine ndisanadziwe kuti gofu ndi masewera. Ndinangoti, "Chabwino madala, tamva," mawu amene munthu amanena akafuna kuti nkhani ithe. Iwo sanathe. Akuti Lachiwiri ndikagule kachidebe kakang'ono, mipira 30 kapena 40. Ndikatenthetsa thupi, ndisewere bwalo lathu m'mutu: driver ya dzenje loyamba, ndisankhe mitengo iwiri kutsogoloko ikhale malire a fairway. Kenako iron, kenako wedge yomenyera pafupi, monga mmene dzenjelo limafunira. Mpira uliwonse nditsike pa kapeti, ndiime kumbuyo kwake, ndisankhe polozera, ndichite zonse zimene ndimachita pa tee. Ukapita kutchire, osabwereza. Wotsatira ndiumenye chapansi ngati ndikutuluka pansi pa nthambi, chifukwa ndi zomwe zikanandichitikira kuno. Ndipo ndizilemba papepala, angati alowa, angati aphonya.

"Mukachoka kumeneko osasangalala kwenikweni," anatero, "mudziwe kuti mwagwira ntchito."

Gulu la kutsogolo linasuntha, tinapitiriza. Ndamaliza nditamenya ka 101 pa bwalo la par 72, limene katswiri amayenera kulimaliza pomenya ka 72. Ma putt, kuja kogubuduzira mpira m'dzenje uli pa green, kaudzu kosalala kozungulira dzenjelo, anali 38 nditawerenga pa khadi, ndipo sindikukumbuka tsiku lomaliza limene ndinaima pa green yoyeserera kupitirira mphindi zisanu. Zakumwa ndagula ndine. Green yokhayo imene ndaifika lero popanda vuto ndi ya m'botolo.

Handicap, nambala yosonyeza luso la wosewera, siisuntha kwenikweni, poti amatenga masewero 8 abwino mwa 20 omaliza, ndiye 101 ameneyu angobisala m'gulu. Izi ndadzitonthoza nazo m'galimoto mpaka pa mzere wa magalimoto wa ku Old Town, pamene ndinazindikira kuti chikundiwawa si nambala.

Chikundipweteka n'choti zimene anena madala sindikuzimva koyamba. Ndinawerengapo za kafukufuku wa John Shea ndi Robyn Morgan wa mu 1979. Anthu ankaphunzira kugwetsa timatabwa ndi dzanja motsatira njira zitatu. Gulu lina linkabwereza njira imodzi kambirimbiri lisanapite pa ina, gulu lina linkazisakaniza. Pa nthawi yophunzirayo obwerezawo ndi amene ankaoneka akatswiri. Atawayesa patapita masiku 10, osakanizawo ndi amene anachita bwino. Ndinawerenga, ndinagwedeza mutu, ndinatumizira ngakhale mnzanga wina, kenako mawa lake ndinakagula mipira 100 n'kuimenya ndi ndodo zitatu. Za Tiger Woods ndinazimvanso, zoti poyeserera amasinthasintha kamenyedwe ka mitundu 9, mpira wokwera, wapakati ndi wotsika, uliwonse wokhotera kumanzere, wowongoka ndi wokhotera kumanja. Ine mtundu wanga ndi umodzi, ndipo umabwera ukafuna.

Ndiye bwanji sindisintha? Ndakhala pano ndikudzifunsa, mayi a kunyumba andifunsa kawiri ngati kuntchito kuli bwino. Ndawauza kuti ndi gofu, andiyang'ana, abwerera ku foni yawo.

Ndikuganiza kuti ku range sindipita kukaphunzira. Ndimapita kukapuma. Tsiku lonse munthu wakhala ukuyankha maimelo, misonkhano yosatha, zinthu zimene sizioneka mapeto ake, ndiye 5 koloko umaima pa kapeti paja, dzuwa likupendeka, n'kumva kaphokoso kaja ka mpira wogundidwa pakati penipeni pa ndodo. Wolakwika umangoukoka wina ndi ndodo, masekondi 10 cholakwa chafufutika. Kulibe kwina kulikonse m'moyo wanga kumene cholakwa chimafufutika msanga choncho. Madala akufuna andilande zimenezo, andipatse pepala ndi pensulo, kuti nakonso kukhale ngati kuntchito.

Komanso manyazi a pa tee yoyamba aja ndi enieni. Manja ananditutumuka, ndinamva mtima ukugunda m'khosi, ndipo ndinafulumira kumenya kuti anthu asiye kundiyang'ana. Zimenezo pa kapeti sizinandichitikirepo, ndiye thupi lidziwa bwanji chochita zikabwera? Madala anati tizibetcherana ndi mnzanga ku range komweko, mpira umodzi umodzi, wophonya agule mandasi, kuti pakhale kanthu kotaya. Mwina. Mnzangayo ndi yemwe uja wa zobandira chimanga.

Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Awa sanagonere, mwina n'chifukwa chake akuwawa chonchi.

Posiyana ndinawapatsa yawo, ndinaonjezerapo pang'ono, sindikudziwa ngati kunali kuthokoza kapena kupepesa chifukwa cha "tamva" uja. Anaipinda, anaika m'thumba la malaya, n'kuti, "Lachiwiri kachidebe kakang'ono, bwana."

Kavidiyo ka Lachinayi kadakali pa gulu. Wina waikapo kale chithunzi cha khasu pansi pake. Ndakaonera kanayi usiku uno, ndipo kunena zoona kamenyedwe kake n'kokongola ndithu. Ndinafuna kukafufuta, chala chinafika pomwepo, koma magetsi athima ndipo foni yatsala ndi 9%, ndiye ndingoti