Sindinagweremo, ndinalowa ndi makwerero

Popeza chithunzi chija chafika kale m'mafoni mwanu, ndipo ena mwayamba kundipatsa moni woti "Mwadzuka bwanji a Yeremiya," kuli bwino ndifotokoze ndekha. Amene akufalitsa zoti ndinagwera m'chimbudzi ndi wabodza. Choyamba, chinali chisanakhale chimbudzi. Chachiwiri, dzenjelo ndinakumba ndine, ndipo ndinatsikiramo pa makwerero monga amachitira munthu aliyense wa ntchito.

Tinali ku Mozambique, m'boma la Nhamatanda, chigawo cha Sofala, kumene namondwe Idai anasesa mu Malichi 2019. Mabanja ambiri anachotsedwa m'zigwa n'kupatsidwa malo kumtunda, ndipo madzi atangophwa kunabuka kolera. N'chifukwa chake gulu lathu la odzipereka ochokera m'mipingo yosiyanasiyana linauzidwa kuti kulalikira kulipo, koma anthu akufunanso zimbudzi. Anzanga anathamangira ntchito zotuluka bwino pa chithunzi: kupenta khoma la tchalitchi, kuimbitsa ana, kunyamula makanda a eni ake. Ine, munthu wa mu ofesi amene ndimatopa ndi kunyamula faelo, ndinakweza dzanja pa zokumba. Ndinkafuna pobwerera ndikhale ndi matuza oonetsa mpingo.

Anandipereka kwa mmisiri wa m'mudzimo, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Anayeza mamita 30 kuchokera pachitsime, anakhoma chikhomo, n'kujambula mzere wozungulira ndi chingwe. Kudzera mwa womasulira anandiuza kuti dzenje liongoke, ndipo lisayandikire madzi a pansi. Iye akanalimaliza ndisanathe kumanga zingwe za nsapato. Ndipo tikanena chilungamo, ndalama zimene zinandifikitsa kumeneko zikanalipira amisiri okumba zimbudzi za mudzi wonse. Koma bamboyo anali ndi mtima wa Mulungu, ankangondiyang'ana n'kumaumba silabu yake ya simenti yovindikirira dzenje: yozungulira, yotukuka pakati, yopanda zitsulo mkati, yokhala ndi kabowo ndi chivindikiro chake. Ukaiimika umaigubuduza mpaka padzenje.

Tsiku lomaliza, mwambo wopereka chimbudzi unali woti uchitike masana. Ndinavula tisheti ya gulu n'kuikoleka pamtengo kuti isade, ndinatsika kukasalaza pansi. Kenako mnyamata wa gulu lopenta anasuzumira. "Achimwene, tibwerekeni makwerero, mphindi zisanu zokha." Ndinavomera, chifukwa ndine Mkhristu.

Amene simunakhalepo pansi pa dzenje la mamita awiri ndi theka dzuwa lili paliwombo simungamvetse. Kunja kunkawotcha, koma pansipo panali pozizira bwino. Ndinakhala pansi, ndinadzifunditsa thumba la simenti lopanda kanthu kuti dothi lisandigwere, chipewa kumaso, n'kuyamba kusinkhasinkha Mawu. Ena akuti kumeneko n'kugona. Aliyense ali ndi kapempheredwe kake.

Nditatsegula maso sindinaone kusiyana kulikonse. Mdima. Ndinatambasula dzanja kumanja, dothi. Kumanzere, dothi. Pamwamba panga anthu akuimba nyimbo ya Mulungu, mwa mang'ombe, amayi patsogolo abambo pambuyo.

Abale anga, inu mukanaganiza chiyani? Ndinati basi, zatheka. Ndipo chinandiwawa si imfayo ayi. Ndinatchera khutu kuti ndimve amene akundilira, sindinamve ngakhale mmodzi. Wina ankaseka kumene. Wina ankafunsa ngati madzi akumwa atsalako. Ndinayamba kuwerenga anthu amene ndinawabwereka ndalama, amene ndinawaperekeza ku maukwati, amene ndinawasungira zinsinsi, onse ziii. Kenako ndinamva mawu a mayi amene ankatsogolera gulu lathu:

"Tikuthokoza m'bale wathu amene anadzipereka pa ntchito yolemetsayi. Sali nafe pano, koma tikudziwa kuti kumene aliko akupuma."

Ndinagwetsa misozi. Ndinati koma mayi awa, ngakhale tinkakangana za nthawi yodzuka, andilankhulira bwino. Ndinadikira kuti anenenso zina, mwina za kudzichepetsa kwanga, koma anapita ku nkhani ya kusamba m'manja ndi sopo. Pamenepo ndinadabwa pang'ono. Maliro ambiri ndapitako, koma za sopo ndinali ndisanazimvepo.

Ndiye wina anachotsa chivindikiro. Kuwala kunalowa pa kabowo, ndipo ndinaona mapazi awiri akuima, lina uku lina uku, mwini wake akuphunzitsa anthu poponda. Apa m'pamene ndinadziwa pamene ndinali. Kumanda kunali bwinoko.

Mudzafunsa kuti bwanji sunakuwe. Ndinatsegula pakamwa ndithu, koma nthawi yomweyo abusa a m'mudzimo anati tiyeni tipemphere. Ine ndinaleredwa bwino, sindidula pemphero la abusa. Ndipo abusawo anali atakonzeka. Anayambira pa Deuteronomo 23, pamene Aisraeli anauzidwa kuti akhale ndi malo kunja kwa msasa, azikumba ndi kukwirira. Chiganizo chilichonse chinkanenedwa m'Chisena, womasulira n'kuchibwereza, ndiye pemphero linali lowirikiza. Anadalitsa silabu. Anadalitsa mpanda wa udzu umene ndinali ndisanauone n'komwe. Anadalitsa onse amene adzalowemo, ana ndi akulu, odwala m'mimba ndi athanzi, usana ndi usiku. Ine pansi ndikumva madalitso onsewo akulunjika pamutu panga. Kenako anapempha kuti dzenjeli litumikire mudzi zaka zambiri mpaka lidzaze, ndipo anati pemphero likatha amfumu ndiwo ayambe kulitsegulira.

Anthu onse anati ameni. Ine ndinadikira kuti phokoso lithe, kuti ndimveke bwino, n'kunena wanga.

Sindinkadziwa kuti dzenje lovindikira limakuza mawu chotero. Ameni wangayo anatuluka pa kabowo ali wonenepa, wa besi, wonjenjemera kumapeto. Kunakhala chete. Kenako nthaka inagwedezeka. Ndinamva mabenchi akugwa, ana akulira, mbuzi ikulira, mpanda wa udzu ukuthyoka. Amene anali pamwamba akuti kwaya inathawira kumunda osasiya kugwirana manja, ndipo m'bale wina amene usiku wathawu ankatiphunzitsa za kulimbana ndi ziwanda anapezeka m'galimoto atakhoma zitseko zonse. Dzina lake sinditchula, koma ndi mmodzi mwa amene akutumiza chithunzicho.

Anatsala ndi agogo ena aakazi okha. Anayandikira pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, anawerama, diso lawo ndi langa n'kukumana pa kabowo. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaitana womasulira, amene anabwera chobwerera m'mbuyo.

"Achimwene, agogo akufunsa ngati mwamaliza, kapena abwerenso nthawi ina."

"Auzeni agogo kuti ndikupempha makwerero."

Yeremiya amene mukunditchayu, werengani chaputala 38, anatulutsidwa mwaulemu. Ebedi-Meleki anapita kwa mfumu, anatenga amuna 30, anamuponyera ndi nsanza zoika m'khwapa kuti zingwe zisamupweteke. Ine anasuntha silabu ndi amuna anayi amene ankaigwetsa chifukwa cha kuseka, n'kunditsitsira makwerero a penti yosauma. Ndiye zoyera mukuziona m'manja ndi pamimba pa chithunzipo ndi penti. Ndanena, ndi penti.

Tsopano tiyeni tifunsane. Ndani amavindikira dzenje osasuzumiramo? Akuti anasuzumira, anaona thumba la simenti ndi chipewa. Chabwino, nanga thumba limapuma? Mtsogoleri wathu akuti anaona tisheti pamtengo n'kuganiza kuti ndapita kukasamba. Malamulo a gulu ankati tiziwerengana tisanayambe chilichonse, sankati tiziwerenga zovala. Wa makwerero uja mpaka lero amati mphindi zisanu zinali zisanakwane. Ndipo palibe amene akunena kuti mmisiri uja, atatsika kukaona, anatuluka n'kugwedeza mutu kuti dzenje n'loongoka. Mwina ankagwedezera zina, koma ine ndinamva choncho.

Amfumu anakana kutsegulira tsiku limenelo. Anati ayambe aona kaye ngati simutuluka wina. Mu lipoti la ulendo analemba kuti ndinakhala pafupi kwambiri ndi ntchito kuposa wina aliyense, ndipo ulendo wotsatira andiika ku gulu loimbitsa ana. Chipewa sindinachitenge, ndinachikumbukira tili kale pa msewu wa ku Beira.