Kupeza malo a sitima ya pansi pa madzi poyeza dzuwa ndi nyenyezi m'gemu

M'magemu a sitima zankhondo za pansi pa madzi, monga Silent Hunter III ya mu 2005, momwe mumayendetsa sitima ya Germany pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mapu amaonetsa pomwe sitima ili nthawi zonse. Osewera ena amachotsa kachizindikiroko ndi ma mod, omwe ndi timapulogalamu tosintha gemu, n'kutsala ndi kampasi, wotchi, liwiro la sitima ndi thambo basi.

Ntchito imayamba ndi kuwerengera mtunda. Sitima yoyenda ma knot 10 (mailosi a panyanja 10 pa ola) kwa maola 6 imakhala itayenda mailosi a panyanja 60, ndipo ngati yalunjika kumpoto, imeneyo ndi digiri imodzi ya latitude, muyeso wa mtunda kumpoto kapena kumwera kwa equator. Koma mafunde amapotoza sitima pang'onopang'ono. Ikangopatuka ndi madigiri 3 pa ulendo wa mailosi 200, yaphonya kale ndi mailosi oposa 10. Kuyeza dzuwa kumathandiza kuchotsa zolakwika zoterezi zisanaunjikane.

Latitude siivuta. Dzuwa likayandikira paliwombo, bwezani nthawi ya gemu pa liwiro lake lenileni, ndipo yezani ndi sextant, chida choyezera madigiri, kutalika kwa dzuwa kuchokera m'chizimezime mobwerezabwereza mpaka litasiya kukwera. Tiyerekeze kuti ndi pa 16 Epulo, dzuwa lili kumwera kwanu, ndipo mwayeza m'munsi mwake n'kupeza 51°59' (digiri imodzi ili ndi 60'). Onjezani 16' kuti mufike pakati pa dzuwa. Chotsani 4' chifukwa diso lili mamita pafupifupi 5 pamwamba pa madzi, ndi 1' ina chifukwa mpweya umapinda kuwala. Mwatsala ndi 52°10'. Mukachotsa nambalayi pa 90° mupeza 37°50', ndiye onjezani declination ya dzuwa ya tsikulo, kutanthauza latitude ya malo amene dzuwa lili paliwombo penipeni, yomwe ndi pafupifupi 10° kumpoto. Sitima ili pa 47°50' kumpoto.

Longitude, muyeso wa mtunda kum'mawa kapena kumadzulo kwa Greenwich ku England, ndi imene imasokoneza ambiri, chifukwa imadalira wotchi. Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, kapena digiri imodzi pa mphindi 4. Kugwira mphindi yeniyeni imene dzuwa lafika pachimake n'kovuta, poti limaoneka ngati laima kwa kanthawi ndithu. Njira yabwino ndi kuliyeza likukwera, kulemba nthawi, kusiya sextant osaikhudza, n'kudikira kuti litsike kufika pomwepo. Ngati nthawi ziwirizo ndi 12:40 ndi 14:00 pa GMT, nthawi ya ku Greenwich, pakati pake ndi 13:20. Poyerekeza ndi 12:00, dzuwa lachedwa ndi mphindi 80, choncho muli pa 20° kumadzulo. Chepetsani liwiro pakati pa miyeso iwiriyi, makamaka ngati mukulowera kumpoto kapena kumwera.

Chitsanzochi chatuluka bwino chifukwa pakati pa Epulo dzuwa ndi wotchi zimagwirizana. Kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limafika pachimake mphindi 16 wotchi isanakwane 12:00 ku Greenwich, ndipo pakati pa Febuluwale limachedwa ndi mphindi 14. Woiwala zimenezi mu Novembala amaphonya ndi madigiri 4, omwe pa latitude 48° ndi mailosi pafupifupi 160. Choipa kwambiri ndi kusadziwa kuti wotchi ya gemu ikuonetsa nthawi ya kuti. Sitima za Germany zinkayendera nthawi ya kwawo, osati GMT, ndipo kusiyana kwa ola limodzi lokha kumakutayani mailosi 600 pa latitude yomweyo.

Usiku ambiri amathamangira Polaris, nyenyezi ya kumpoto, poti kutalika kwake kumafanana ndi latitude. Kufananako si kwenikweni. M'zaka za m'ma 1940 nyenyeziyi inali pafupifupi digiri yathunthu kuchokera pakati penipeni pa thambo lakumpoto, ndiye popanda kukonza mutha kusemphana ndi malo anu ndi mailosi 60. Komanso usiku wa mdima bii chizimezime sichioneka. Nthawi yoyezera ndi chisisira kapena m'bandakucha, pamene nyenyezi zowala ndi malire a nyanja zikuoneka limodzi, ndipo siikhalitsa.

Masamu onsewa ndi a thambo lenileni, pomwe thambo la gemu ndi lojambula. Mwina opanga sanaikemo kupinda kwa kuwala, mwina nyenyezi zili pamalo a masiku ano osati a chaka cha nkhondoyo, ndipo magemu ena amayala dziko ngati thabwa moti digiri ya longitude imakhala yotalika mofanana paliponse. Kukonza chinthu chimene gemu ilibe n'kudzionjezera cholakwika. N'chifukwa chake muyeso woyamba uyenera kuchitikira padoko, pomwe latitude ndi longitude zikudziwika kale. Yezani dzuwa ndi Polaris sitima ili chiimire, werengani kawiri, koyamba mukukonza zonse, kachiwiri osakonza, muone yankho loyandikira malo enieniwo. Ngati mukuyezera pa sikirini, ikani chizimezime ndi nyenyezi pafupi ndi pakati, chifukwa kumphepete chithunzi chimatambasuka, ndipo musasinthe zoom imene munayezera padoko mpaka ulendo utatha.