Ku Lewis ndi Harris, kumene nsalu ya ubweya imawombedwa pakhomo

Sitima yapamadzi ya kampani ya CalMac yochoka kudoko la Ullapool imatenga maola awiri ndi theka kapena kupitirira pang'ono kuti ifike ku Stornoway, tauni yaikulu ya pachilumba cha Lewis ndi Harris, kumpoto chakumadzulo kwa Scotland. Chilumbacho ndi chimodzi ngakhale chili ndi mayina awiri. Mitengo njochepa, mphepo siipuma, ndipo Lamulungu masitolo ambiri amatseka, owomba nsalu nawonso sagwira ntchito. Wofuna kuona nsalu ya Harris Tweed ikuwombedwa afike mkati mwa sabata.

Tinayambira ku Shawbost, mudzi wa kumadzulo kwa Lewis komwe kuli fakitale yokonza ulusi. Mafakitale ena ali ku Stornoway ndi ku Carloway. Chimene alendo ambiri sachiyembekezera n'chakuti utoto umalowa mu ubweya usanapotedwe. Ubweya wa nkhosa, makamaka za mtundu wa Cheviot ndi Blackface, amautsuka n'kuunyika m'migolo ya utoto: wina wofiira, wina wachikasu, wina wobiriwira. Ukauma, amayeza pasikelo mtundu uliwonse motsatira muyeso wolembedwa, amausakaniza, kenaka amaupesa m'makina a timano tawaya mpaka usanduke tizingwe tofewa ngati thonje. Akatero m'pamene amapota.

Tengani kachidutswa ka ulusi wooneka wakhofi, mukamasule ndi zala pafupi ndi windo. Mupezamo tiubweya tofiirira, tagolide, tobiriwira, mwina ndi kamodzi kabuluu. N'chifukwa chake jekete ya nsaluyi imasintha maonekedwe dzuwa likawala, chinthu chimene nsalu yonyikidwa itawombedwa kale siingachite. Sikelo ikalakwika pang'ono, mtundu wonse wasokonekera, ndipo sungafananenso ndi umene wogula anasankha. Kale utoto wofiirira ankaupeza ku ndere zomera pamiyala zotchedwa crotal, zimene ankapala ndi supuni n'kuziwiritsa pamodzi ndi ubweya mumphika wachitsulo.

Kufakitale komweko amayala ulusi wa m'litali, chingwe chilichonse pamalo pake malinga ndi kapangidwe ka nsaluyo, n'kuukulunga pamkombero waukulu. Pansalu yotambalala zingwezo zimakwana pafupifupi 1,400. Mkomberowo amaukweza pagalimoto pamodzi ndi ulusi wopingasa ndi kakhadi ka malangizo, ulendo wa kunyumba kwa wowomba.

Apa m'pamene pagona nkhani. Lamulo limene Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inakhazikitsa mu 1993 limati nsaluyi iyenera kuwombedwa ndi anthu a pazilumba za Outer Hebrides, zomwe Lewis ndi Harris ndi chimodzi mwa izo, pakhomo pawo, ndi ubweya weniweni wosagwiritsidwapo ntchito, wonyikidwa ndi kupotedwa pazilumba pomwepo. Makina owombera sayenera kuyendera magetsi. Wowomba amakhala m'kashedi kuseri kwa nyumba, akupalasa ndi miyendo. Ndimaona kuti lamuloli ndi limene lasunga anthu m'midzi imeneyi; pakanapanda ilo, ntchito yonse ikanasamukira kale m'mafakitale a kunja kwa zilumbazi.

Makinawo alipo amitundu iwiri. Akale a Hattersley, achitsulo chakuda, opangidwa ku Keighley, anafala pachilumbachi m'ma 1920. Amatulutsa nsalu ya masentimita 75 m'lifupi, ndipo ulusi wopingasa umayenda m'kabwato kamtengo kamene kamaponyedwa uku ndi uku mwaphokoso lomveka pamsewu. Tinawaona akugwira ntchito ku Gearrannan, mudzi wa nyumba zakale zamiyala zofolera ndi udzu. A Bonas-Griffith, amene anabwera m'ma 1990, amapalasidwa ngati njinga ndipo nsalu yake ndi ya masentimita 150.

Asanayambe, wowomba amamanga pamanja chingwe chilichonse chatsopano ku chakale chotsalira m'makina, mfundo imodzi imodzi. Akasinthanitsa zingwe ziwiri zokha, mizere ya pansalu yonga minga ya chambo imapotoka kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Chingwe chikaduka iye osaona, pamatsala kanjira kopanda ulusi. Akapalasa mosinthasintha liwiro, nsalu imathina pena, pena n'kulekera. Maso amakhala pa ulusi, makutu pa kulira kwa makina.

Nsalu yochoka kwa wowomba imakhala youma gwa, yamafuta, yonunkha nkhosa. Ikabwerera kufakitale, osoka amaiyala pathebulo lowala n'kubwezeretsa ndi singano paliponse pamene ulusi unaduka kapena mfundo inatuluka. Kenaka amaichapa ndi sopo ndi soda, kuipuntha kuti ifupike ndi kugwirana, kuiyanika itakokedwa, n'kumeta tiubweya toyimirira. Kale ntchitoyi inali ya amayi: ankanyika nsalu mu mkodzo wogonetsa kuti mafuta achoke, n'kukhala mozungulira thabwa, akuimenya ndi kupatsirana poyimba nyimbo za Chigaelic, chilankhulo cha pazilumbazi, monga amachitira amayi pamtondo. Pomaliza woyendera wa Harris Tweed Authority, bungwe loyang'anira nsaluyi, amaiunika yonse, ndipo ikakhoza amaidinda chizindikiro cha Orb, mpira wokhala ndi mtanda pamwamba, chimene chakhala chikugwira ntchito kuyambira cha m'ma 1910.

Wogula nsalu ya jekete ya munthu wamkulu atenge mamita awiri ndi theka a yotambalala, kapena asanu a yopapatiza, ndipo aonjezere ngati ili ya mabokosi, poti telala ayenera kukumanitsa mizere pamsoko. Apemphenso kalebulo ka Orb kosokera mkati. Majekete amenewa nthawi zina amapezeka pa kaunjika. Yang'anani kalebuloko, kenaka muunike nsaluyo padzuwa kuti muone ngati njenjete sizinaboole, makamaka kunsi kwa kolala ndi m'khwapa. Musaichape m'madzi otentha kapena kuifinya, chifukwa ubweya umagwirana n'kufupika osabwereranso. Ikada, ipukuteni ndi bulashi yofewa, muiyanike pamthunzi pomwe pakupita mphepo, ndipo posita muikepo kansalu konyowa pamwamba.