Kusaka mwala wa John Field mumvula ya ku Dublin

Basi za mu Dublin sizilandira ndalama yapepala ndipo sizibweza chenji. Gulani khadi ya Leap musanakwere, chifukwa mukakhala nayo ulendo wa mphindi 90 ndi mayuro 2, ngakhale musinthe basi panjira. Ambulera musavutike nayo, mphepo ya kumeneko imaipinda nthawi yomweyo. Tengani jekete la mvula.

Ndinali kwa achemwali anga amene amagwira ntchito yosamalira okalamba mumzindawu. Loweruka lina iwo atapita kuntchito, ine ndinatuluka kukafuna Golden Lane, kamsewu ka pafupi ndi tchalitchi cha St Patrick's, komwe katswiri wa piyano John Field anabadwira mu 1782, ndipo kuli mwala womukumbukira. Achinyamata amene ndinawafunsa panjira dzinalo sankalidziwa n'komwe, ndipo zinandiwawa. Munthu amene anayambitsa mtundu wa nyimbo za piyano wotchedwa nocturne, kutanthauza nyimbo ya usiku, kwawo kwenikweni n'kumafunsidwa kuti ndi ndani?

Ndili chiimire, nditanyowa mpaka masokosi, mayi ena achikulire onyamula chikwama cha zogula anandiyang'ana n'kuima.

"Wasochera, mwana wanga?"

"Ndikufuna mwala wa John Field, amayi."

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati anaphunzitsa piyano moyo wawo wonse, koma mlendo wofunsa za Field anali asanakumane naye mumsewu. Anandigwira pamkono n'kundifikitsa pamwalawo. Ndi waung'ono, ukhoza kuupitirira osauona. Pomwepo, mvula ikutimenya, anandifotokozera kuti mnyamatayu anaimba pagulu koyamba ku holo ya Rotunda, mu Dublin momwemo, mu 1792 ali ndi zaka 9. Chaka chotsatira banja lake linasamukira ku London, komwe anamupereka m'manja mwa Muzio Clementi, katswiri amene ankagulitsanso mapiyano. Field ankaphunzira, inde, komanso ankakhala m'sitolo kuimba kuti akope ogula. Mu 1802 Clementi anamutenga paulendo wodzera ku Paris ndi Vienna mpaka ku St Petersburg. Bwana anabwerera, mnyamata anatsala.

Amayiwo ankakakwera sitima ku siteshoni ya Pearse, ndipo anati ndiwaperekeze. Pasiteshonipo pali piyano yoti aliyense aimbe. Anaika chikwama pansi, kuvula magulovesi, kupukuta makiyi a piyanoyo ndi mpango, n'kuyamba Nocturne nambala 5. Zala zawo zinali zopindika ndi nyamakazi ndipo piyano yake inali yotopa ndithu, koma anthu othamangira sitima anachepetsa liwiro. Ine ndimaimba kiyibodi mukwaya ya kwathu ku Zomba, choncho maso anga anali padzanja lamanzere. Silinkamenya mawu onse pamodzi monga timachitira ife. Linkawamwaza limodzilimodzi, kutsika pansi kenako kukwera, phazi likupondereza pedulo kuti mawuwo asafe msanga. Pamwamba pake dzanja lamanja linkangoimba ngati mayi wogoneka mwana.

Atamaliza anasuntha pampando. "Khala apa. Iwe kumanzere, ine kumanja." Ndikathamanga ankandigwira padzanja, amvekere, "Usiku suthamangitsidwa." Sitima yawo inabwera n'kupita tili pomwepo. Anatinso Chopin, wopeka nyimbo wa ku Poland amene anabadwa mu 1810, anatola njira yomweyi n'kuikuza, ndipo lero dziko limatchula Chopin, Field n'kuiwalika, ngakhale Liszt, katswiri wina wa piyano wa ku Hungary, anasindikiza nyimbo za Field mu 1859 pofuna kumulemekeza. Ndinawapempha kuti ndiwagulire tiyi, anakana. Ndinamwa ndekha, kapu imodzi pafupifupi mayuro 4. Kumeneko ndi kuba masana.

Madzulo ake ndinaganizira kwambiri za uchona. Field ku Ireland sanapondekonso. Ku Russia anapeza ndalama ndi ulemu, anaphunzitsa ana a anthu olemera, ngakhale Glinka, wopeka nyimbo wotchuka wa ku Russia, anadutsako m'manja mwake. Koma mowa unamulowa, matenda a khansa nawo anabwera. Mu 1831 anapita ku London kukachitidwa opaleshoni, kenako anayendayenda m'maiko a ku Ulaya kuimba mpaka anagwa ku Naples, komwe anagona m'chipatala miyezi 9. Banja lina la ku Russia ndi limene linamubweza ku Moscow, ndipo anamwalira mu Januwale 1837 ali ndi zaka 54. Manda ake ali ku Vvedenskoye, ku Moscow komweko. Achemwali ali m'gulu la pa WhatsApp la a Malawi okhala ku Ireland, ndipo wina akamwalira amasonkha kuti thupi likagone kumudzi. Ine ndimaona kuti amachita bwino. Field analibe womusonkhera, mwinanso mtima wake unali utasamuka kalekale, pakuti anachoka ali mwana wa zaka 11.

Ku National Concert Hall, pa Earlsfort Terrace, kuli chipinda chotchedwa John Field Room, ndipo nthawi zina kumakhala zoimbaimba masana. Yang'anani ndandanda yawo pa intaneti musananyamuke. Ine ndalama yotsala ndinagulira pedulo ya kiyibodi ya kwaya yathu, mayuro 25. Ndi yodula, koma popanda iyo dzanja lamanzere lija limamveka modukaduka, ndipo sindingawaphunzitse anyamata a kwaya zimene amayi aja anandionetsa.