Zikomo nonse amene munatitumizira makatuni, makaseti ndi magemu akale

Abale ndi anzanga, ndabwera kudzathokoza. Ambiri mukudziwa kuti achimwene anga anagwa ndi sitiroko chaka chatha, dzanja ndi mwendo wakumanja zinafooka ndipo pakamwa panatseka, zomwe tikunena amamva ndithu koma kuti ayankhe zimakanika, amangotiyang'ana misozi ili m'maso. Pano akuyenda ndi ndodo, akudya okha, ndipo akulankhula, pang'onopang'ono inde koma akulankhula. Madokotala, anamwino ndi mayi amene amawapangitsa mafizo tinawathokoza kale pamaso, Mulungu awadalitse. Lero ndi lanu inu amene munayankha pempho lija loti aliyense amene akukumbukira zomwe ana a m'ma 1980 ndi 1990 ankaonera, kumvera kapena kusewera atitumizire.

Nzeruyi inachokera kwa mayi a mafizo aja. Anatiuza kuti sitiroko ikagunda mbali yakumanzere ya ubongo, komwe kwa anthu ambiri kumayendetsa kulankhula, munthu amatha kulephera kutchula ngakhale dzina lake koma nyimbo imene ankaimba ali mwana n'kuiimba ndi mawu ake omwe, chifukwa kuimba kumadaliranso mbali inayo. Si nthano ayi. Madokotala a ku Boston analemba za njira yothandizira odwala otere pogwiritsa ntchito kuimba kale mu 1973, ndipo Gabby Giffords, phungu wa ku America uja anaomberedwa m'mutu mu 2011, nyimbo zinamuthandiza kwambiri kuti ayambirenso kulankhula. Ndiye mayi a mafizowo anati musawabweretsere zatsopano, fufuzani zomwe anakula nazo. Vuto linali loti ine ndine wamng'ono kwa iwo, zambiri za ubwana wawo sindinaziona, amene akanatiuza ndi eni akewo koma ndi omwe sakulankhula.

Apa ndi pomwe munalowa inu.

Anzawo a ku pulayimale, ena sanaonane nawo kuchokera tsiku lomwe anasiyana pasukulu, munayamba kutumiza ma voice note pa WhatsApp mukuimba nyimbo zoyambira makatuni, ena mawu osasa ena kuiwala pakati n'kuyambiranso, ndipo dziwani kuti awo munaiwala pakatiwo ndi amene anagwira ntchito kwambiri chifukwa achimwene ankavutika mtima kufuna kukukonzani, mpaka tsiku lina anamalizitsa okha mzere umene mnzawo anasiya. Mawu oyamba kutuluka bwinobwino pakamwa pawo anali amenewo. Alamu anathawira panja kukalira.

Zikomo kwa inu amene munanena za Tom and Jerry. Ife sitinaganize kuti katuni imeneyi pafupifupi yonse ilibe zolankhula, William Hanna ndi Joseph Barbera anaiyamba mu 1940 ndipo nkhani yonse imayenda ndi nkhope, phokoso ndi nyimbo basi. Munthu amene makambirano a anthu ambiri ankamutopetsa msanga, pamenepa sankafunika kulimbana ndi mawu, ankaseka pa nthawi yake limodzi ndi ana awo, ndipo kwa kanthawi ameneko m'nyumba simunali wodwala ndi omudwazika, munali bambo ndi ana awo akuonera TV. Anawo ankafunika zimenezo kuposa mmene tinkaganizira, anali atayamba kuwaopa bambo awo.

Zikomo kwa mchemwali amene munabweretsa kafoni ka Nokia 3310 kamene kanali m'dilowa, kaja kanatuluka mu 2000 kali ndi gemu ya Snake. Mabatani ake ndi ofuna kudina ndi mphamvu, ndipo chala chachikulu chakumanja chimene chinkakana zolimbitsa thupi chinalola kuthamangitsa kanjokako. Wina anabwereketsa Game Boy ndi Tetris yake. Ndipo inu bambo amene simutidziwa n'komwe, munangoona pempho lathu pa Facebook n'kutumiza katoni ya makaseti ndi Walkman yoti ikugwirabe ntchito, mpaka munaikamo bolopeni yopukusira tepi ikatuluka, ine ndilibe mawu. Achimwene ataona bolopeniyo anailowetsa m'kabowo n'kuyamba kupukusa popanda wowauza.

Chimene chandikhudza kwambiri pa zonsezi ndi ichi. Anthu amazinyoza zinthu zimenezi, amati ndi zamalonda, zopangidwa m'mafakitale mamiliyoni mamiliyoni kuti makampani alemere, ndipo ndi zoona. Koma kuchuluka kwakeko ndi komwe kunatipulumutsa. Zikanakhala zokumbukira za m'banja mwathu mokha, otithandiza akanakhala ochepa kwambiri. Poti ana a m'badwo wonse, m'mayiko osiyanasiyana, anaonera mphaka yemweyo akuthamangitsa khoswe yemweyo, munthu wosawadziwa achimwene anali ndi kiyi wa chitseko chimene ife abale awo tinalephera kutsegula. Akatswiri a za maganizo amati zomwe munthu anakumana nazo pakati pa zaka 10 ndi 30 ndi zimene zimakhazikika kwambiri m'mutu, ndipo ine ndaona kuti sizikhazikika zokha, zimabwera ndi anthu ake. Nyimbo ikatha achimwene sankafunsa za woimba, ankalimbana kutchula dzina la mnzawo amene ankakhala naye pansi pafupi ndi TV, kapena la mayi athu malemu amene ankazimitsa ikakwana nthawi yogona.

Makampani akudziwa bwino za njala imeneyi, n'chifukwa chake Nintendo inatulutsanso kamakina kakang'ono ka magemu ake akale mu 2016 ndipo 3310 ija inabweranso mu 2017. Sindikuwada, koma chatsopano cha m'sitolo sichikanafanana ndi kaseti yofufuma chikuto yolembedwa pamanja, kapena mawu a munthu wamkulu wa ana ake akuimba nyimbo ya katuni ali pa ntchito chifukwa cha mnzake wodwala.

Alamu, inu ndiye munanyamula zolemera zonse, usiku ndi usana, ife tinkangobwera ndi kupita. Zikomo kwambiri.

Amene muli ndi zinthu zanu kuno tiuzeni ku inbox kuti tibweze, zonse tasunga bwino, kupatula kaseti imodzi imene inadyedwa ndipo mwini wake tamuuza kale. Ma voice note okha musasiye chonde. Pano achimwene ayamba kuyankha okha, amachedwa ndipo nthawi zina liwu limathawa pakati, ndiye mukalandira uthenga wawo mvetserani mpaka kumapeto ndipo muwayankhe.